Gofu Wafika Kunyanja, Ife Tatolapo Cheke Chokha

Kuno ku Nkhotakota anthu amene anagwirapo ndodo ya gofu mutha kuwawerenga osatopa. Kuyambira ku Chia, kudutsa pa boma, kuwoloka Bua mpaka ku Dwangwa ndi Dwambazi, masewera athu ndi mpira wamiyendo, wamanja wa atsikana, ndi bawo wa pansi pa mtengo wa mango. Komabe masiku ano mukamva anyamata padoko akutchula Rory McIlroy kapena Jon Rahm, musadabwe. Dishi ili padenga la bala, foni ili m'thumba, ndipo gofu walowa m'makutu mwa anthu amene kampira kake sanakaonepo. Zimenezi pazokha si mlandu. Chondiwawa ine n'chakuti mwa zonse zimene masewerawa akanatiphunzitsa, tatolapo chimodzi chokha, ndicho kuchuluka kwa ndalama yolembedwa pa cheke.

Ndinaziona ndi maso pa Dwangwa, m'bala ina ya m'mbali mwa msewu wa M5, mkati mwa April 2025. Anthu ankadikira mpira wa ku England, ndipo mwini bala, posafuna kuti kanema akhale chete, anasiya pa tchanelo cha gofu. Ankabwereza mpikisano wa Masters umene unatha pa 13 April ku Augusta, m'dziko la America, kuno kutadutsa kale pakati pa usiku, asodzi a usipa ali pakati pa nyanja ndi nyali zawo. Pa kanemapo panaoneka mzungu atagwada pa kapinga, nkhope ili pansi, mapewa akugwedezeka ndi kulira.

"Madala, ameneyu waluza zingati?" anandifunsa mnyamata wina wa kabaza, thukuta lisanaume pamphumi.

"Sanaluze, wawina," anayankha mnzake ine ndisanatsegule pakamwa. "Wadya 4.2 miliyoni. Ya madola, aise, osati makwacha."

Mafoni anatuluka m'matumba. Anachulukitsa pa mtengo wa kubanki, zinapitirira K7 biliyoni. Wina anati ayese pa mtengo wa mumsewu, anzake anamuletsa kuti angadwale mutu. M'balamo munati zii. Kenako wa kabaza uja anapukusa mutu. "Kungomenya kampira basi? Ife tikungofa ndi dzuwa." Atatero anawerama, n'kutsegula kandege pa foni yake, n'kuponyamo ndalama imene anapalasira tsiku lonse.

Palibe amene anafunsa chimene chinkamuliritsa munthuyo, Rory McIlroy. McIlroy anakulira m'katauni ka Holywood ku Northern Ireland. Bambo ake ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ina ya m'bala momwe, mayi ake n'kumachezera usiku mufakitale, kuti mwana apeze ya ulendo wa kumipikisano. Mu 2011 analowa tsiku lomaliza ali patsogolo pa bwalo lomwelo, zonse n'kumutayikira m'manja dziko lonse likuona. Anabwererako chaka ndi chaka, ndipo panapita zaka 14 kuti jekete yobiriwira ya wopambana aivale, atalimbana ndi Justin Rose mpaka pa dzenje lowonjezera. Ndi nkhani ya makolo odzimana ndi mwana wosataya mtima, imene mayi aliyense woyanika usipa pa thandala kuti mwana akalembe mayeso angaimve bwino lomwe. Koma imene inafika pa Dwangwa ndi ya 4.2 miliyoni, ndipo mnyamata wa kabaza anachokapo ataphunzira kuti kwinakwake ndalama imagwa yokha, thukuta ndi la opusa.

Sindikumunena yekha mnyamatayo. Anachita kuphunzitsidwa kumva chomwecho. Kuyambira 2022 nkhani za gofu pa dziko lonse zasanduka kuwerenga ndalama za eni. Mu June chaka chimenecho kunabadwa mpikisano wa LIV Golf, wolipiridwa ndi thumba la chuma la boma la Saudi Arabia. Woyamba unachitikira kufupi ndi London, ndipo Charl Schwartzel wa ku South Africa analandira madola 4 miliyoni atasewera masiku atatu. Ngakhale wothera kumchira ankabwerera kwawo ndi madola 120,000. Anthu anakumbutsa za mtolankhani Jamal Khashoggi, amene anaphedwa mu 2018 mu ofesi ya kazembe wa Saudi Arabia ku Istanbul, nafunsa ngati masewera si sopo wochapira mbiri yothimbirira. Akuluakulu a PGA Tour, mpikisano umene LIV inabwera kudzalimbana nawo, anathamangitsa osewera amene anapita ku LIV, natha chaka chathunthu akulalikira za kukhulupirika. Pa 6 June 2023 omwewo analengeza kuti agwirizana ndi thumba lomwe lija. Jon Rahm, amene poyamba ankanena poyera kuti iye sasewerera ndalama, anasamukira komweko mu December 2023. Owulutsa nkhani zonsezi ankazifotokoza ndi mawu osalala, akutchula mamiliyoni ngati akutchula zigoli. Nanga wachinyamata woonera zimenezi aphunzirapo chiyani, kupatula kuti mawu a munthu ali ndi mtengo wake, kungoti ena amagulitsa mochedwa?

Kanema wa gofu amapangidwa mwaluso, ndipo luso lake lili pa kubisa. Kapinga biriwiri, mchenga woyera mbee, mbalame zikuimba, owulutsa akunong'ona ngati kuti mawu okweza angathyole maluwa. Sakuonetsani amene anadzuka mbandakucha kudula kapingayo, kapena madzi amene amathiridwa usiku uliwonse kuti asafote. Munthu woonera ali pa Liwaladzi, magetsi atangobwera kumene, m'nyumba mulibe shuga ngakhale nzimbe zili pakhomo pake, amaona dziko lopanda fumbi, lopanda ngongole, ndipo kwawo kumayamba kumunyansa. Akale anati maso alibe mpanda, koma iwo ankanena za kusuzumira kwa mnansi. Lero tikusuzumira ku Augusta ndi ku Dubai, n'kubwerako mitima itatupa ndi kaduka pa zinthu zimene sitidziwa mmene zinapezekera. Mwakumbukira mu August 2023, DStv itatseka ntchito zake m'dziko muno kwa miyezi ingapo pokangana ndi MACRA pa nkhani ya mitengo? Kulira kumene kunamveka m'matauni ndi pa Facebook, mukanati nkhokwe za dziko zapsa.

Gofu si mlendo weniweni m'boma lino. Ku Dwangwa, mkati mwa minda ya nzimbe, kuli kalabu ya Kasasa, yokhala ndi bwalo la maenje 9. Ndi kalabu ya pa esiteti ya shuga imene Lonrho inatsegula kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, imene inapita m'manja mwa Illovo mu 1997. Ku Nchalo nakonso bwalo lili pa esiteti ya shuga. Ku Thyolo ndi ku Mulanje mabwalo ali m'dera la minda ya tiyi. A ku Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe ali pamene pankakhala mabwana a boma la atsamunda ndi amalonda awo. Mukalondola mabwalo a gofu m'Malawi, mwalondola kumene kunkakhala azungu ndi mabwana a makampani. Ufulu utabwera mu 1964, geti silinagwe ayi, anangosintha olowapo. Amene makolo awo ankaima kunja kwa mpanda ndiwo lero ali mkati, ndipo mpandawo aukonda kuposa eni ake oyamba. Funsani m'midzi ya kwa Kanyenda kuti ndi ana angati amene anapondapo pa kapinga wa gofu ngati osewera, osati onyamula katundu. Yankho lake mulimva m'kuseka kwawo.

Pa onyamula katunduwa ndiimepo pang'ono, pakuti ndiwo amene kanema amawadula mutu pojambula. Ndinakhalapo pa khonde la kalabu ina mumzinda, Loweruka masana, ndikuyang'ana mnyamata wa zaka zosafika 20 atasenza chikwama chotalika pafupifupi msinkhu wake, nsapato zake zitang'ambika kuchala. Bwana wake, munthu wa mimba yake, anaima pa kampira n'kutambasula dzanja osacheuka. Mnyamatayo anayang'ana mbendera, anathothola udzu pang'ono n'kuuponya m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, nasolola ndodo imodzi mwa 14. "Iyi, bwana. Mumenye cha kumanzere, pansi pamatsetsereka." Bwanayo anamenya cha kumanja, kampira kanakagwera m'thengo, ndipo wotukwanidwa anali mnyamatayo. Analowa m'tchire lija ndi manja, kumene kumakhala njoka, n'kukatulutsa. Dzuwa litapendeka, mabwana atalowa kukamwa, ndinamuona kuseri kwa mitengo ndi anzake, ali ndi ndodo yakale yomanga ndi mphira. Anamenya kamodzi, kampira kanauluka mowongoka kupitirira pamene bwana uja analephera kufika ndi ndodo zake za mamiliyoni.

Mbiri ya gofu mu Africa ili m'manja mwa anyamata otere. Papwa Sewgolum wa ku Durban anayamba ndi kunyamula zikwama, sanapite kusukulu, ndipo ndodo ankaigwira mosemphanitsa manja. Anapambana Natal Open mu 1963, napambananso mu 1965 atagonjetsa Gary Player. Chithunzi chimene chinazungulira dziko lonse ndi cha iyeyo akulandira chikho panja, mvula ikumugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Vincent Tshabalala, nayenso wonyamula zikwama, anapambana French Open mu 1976. Ku Augusta komweko, mpaka 1982, wosewera aliyense wa Masters ankayenera kunyamuliridwa ndi anthu a pakalabupo, onse akuda, pamene munthu wakuda woyamba kusewera mpikisanowo, Lee Elder, analoledwa mu 1975. Tiger Woods atapambana mu 1997 ali ndi zaka 21, anthu akuda pa dziko lonse anakuwa ngati wawo, ndipo anali ndi chifukwa. Kwathu kuno tili ndi Paul Chidale, amene wakhala akunyamula mbendera ya Malawi m'mipikisano ya ku Kenya. Koma imani pa depoti ya Nkhotakota mufunse amene akumudziwa. Mtengo wa Rahm akuuzani, za Chidale akuyang'anani ngati mwasokonekera.

Adziwa bwanji, poti nkhani za gofu m'nyuzipepala ndi pa makanema athu sizikamba za gofu? Tsegulani tsamba la masewera Lolemba lililonse. Mutu wake ndi woti banki yakuti yathira mamiliyoni akuti mu gofu. Chithunzi chake ndi cheke chachikulu ngati chitseko, abambo anayi atachigwira m'makona, onse akumwetulira kamera. Ndime yoyamba ndi ya bwana wa bankiyo, akuti gofu amawapatsa mwayi wocheza ndi makasitomala awo. Yachiwiri ndi ya wapampando wa kalabu, akuthokoza bankiyo. Yachitatu ndi ya bwana uja kachiwiri. Dzina la wopambana mulipeza kumunsi kwenikweni, ngati malo atsala, ndipo mmene anasewerera, dzenje limene linamuvuta, amene anamuphunzitsa, palibe. Mtolankhani sanayende nawo pa bwalo. Anafika nthawi ya zakudya, analandira pepala lolembedwa kale ndi a kampani, mwinanso ndi kanvulopu ka thiransipoti, n'kubwerera. Imeneyo si nkhani, ndi malonda ovala malaya a nkhani, ndipo owerenga akuphunzira kuti munthu wofunika pa masewera ndi wogwira cheke.

Matendawa alowa mpaka m'chifundo. Mu 2022 kunayamba mpikisano wa gofu wa mtsogoleri wa dziko wosonkhetsa ndalama zachifundo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anasewera yekha pa Lilongwe Golf Club, makamera akumutsata. Ndalama zake zinali zothandizira ophunzira osowa a m'sukulu za ukachenjede ndi anthu amene anakhudzidwa ndi namondwe. Sindinyoza ndalamazo. Mwana amene fizi yake inalipiridwa sasamala kuti inachokera pa dzenje lachingati, ndipo akuchita bwino kusasamala. Koma chaka chomwecho kolera inali ikusesa m'mbali mwa nyanja, Nkhotakota ali m'gulu la maboma okhudzidwa, pa mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Anthu ankafa chifukwa chosowa madzi aukhondo ndi zimbudzi, zinthu zimene misonkho yathu inayenera kugula kalekale popanda wina kuvala kapusi yoyera. Tafika poti kampani singatulutse ndalama yothandizira wosauka pokhapokha bwana wake ajambulidwe ataima pafupi ndi mtsogoleri wa dziko. Tafika poti udindo wa boma ukuoneka ngati mphatso, ndipo wolandira ayenera kuwomba m'manja pa kanema. Mipingo nayo yatengera, masukulu atengera, aliyense wofuna kumanga kanthu akuitanitsa gofu, pakuti aphunzira kuti olemera athu sapereka mumdima.

Sitinali otere. Ine ndinakula ndikuona khoka likukokedwa padoko. Likafika kumtunda, aliyense amene anagwirako chingwe ankapatsidwa ndiwo, ngakhale mwana. Gogo wamasiye ankangofika ndi kambale kake n'kukhala chapatali, osanena kanthu, ndipo mwini khoka ankatuma mwana kuti akamuthirire, iye akuyang'ana kwina dala kuti gogoyo asachite manyazi. Pa maliro ufa ndi nkhuni zinkabwera usiku, ndipo kukacha simukanadziwa kuti mtolo uwu wabwera ndi yani. Wopereka ankabisala, kuti wolandira ayende mutu uli m'mwamba. Lero wolandira ndiye amaimikidwa kutsogolo, thumba la ufa lili pamutu, dzina la kampani likuoneka bwino, n'kuuzidwa kuti amwetulire kachiwiri chifukwa chithunzi choyamba sichinatuluke. Kumapeto kwa February 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, nyumba zinagwa, msewu wa M5 unaduka, anthu zikwizikwi anathawira m'misasa. Pa ngozi yotere oyamba kufika amakhala anansi, wina ndi bwato, wina ndi chingwe, wina ndi mphika wa phala. Amenewo pa kanema saoneka. Amaoneka obwera patapita masiku, atavala malaya ofanana.

Chondipweteka koposa n'chakuti gofu ali nacho chinthu chimene dziko lino likuchisowa, ndipo ndicho chokhacho chimene tachisiya. Pa mpira wamiyendo wosewera amadzigwetsa dala kuti anamize woyimbira, akapambana timamutcha wochenjera. Pa gofu munthu amadziyimbira yekha. Kampira kako kakasuntha uli wekha m'thengo, umayenera kunena ndi pakamwa pako, n'kudzilipiritsa. Mnzako ndiye amalemba mmene wamenyera, iwe n'kulemba zake, ndipo pomaliza umasayina kuti zolembedwazo n'zoona. Mu 1925, pa mpikisano wa US Open, Bobby Jones anaona kampira kake katasuntha pang'ono pamene ankakonzekera kumenya. Akuluakulu a mpikisano sanaone. Iye anaumirira kuti amuwonjezere chilango, ndipo pamapeto pake anafanana ndi mnzake, n'kugonja pa masewera obwereza. Mu 1968, pa Masters, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anamenya katatu pa dzenje la 17, anthu mamiliyoni akuona pa kanema. Mnzake Tommy Aaron analemba 4 molakwitsa. De Vicenzo anasayina osayang'anitsitsa, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Lamulo linati nambala yosayinidwayo ikhale momwemo, ndipo Bob Goalby anatenga jekete. De Vicenzo sanathamangire kukhoti, sananene kuti amubera, sanatukwane mnzake. Anati wolakwa ndi iye mwini.

Tsono tiyeni tidziyang'ane. Ife ndi dziko limene chisankho cha mtsogoleri cha mu May 2019 chinathetsedwa ndi khoti pa 3 February 2020, mapepala a zotsatira atapezeka opakidwa tipeksi. Ndife dziko la Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zinkapezeka m'mabuti a galimoto. Ndife dziko limene mayeso a MSCE anaimitsidwa pakati mu November 2020 chifukwa mapepala anali atabedwa, ana osalakwa n'kulemba kachiwiri. Musathamangire kuloza ku Capital Hill kokha. Venda wogula mpunga kwa alimi a ku Bua amabwera ndi sikelo yokhotetsa, mlimi naye amathira mchenga pansi pa thumba. Chigoba chogulira usipa padoko n'chofutukula, chogulitsira kumsika n'chophwanya pansi. Neti imene tinalandira kuchipatala kuti mwana asadwale malungo ili m'madzi, ikukokolola tiana ta chambo, ndipo November akafika, nyanja itatsekedwa kuti nsomba ziswane, timapita usiku. Pa zonsezi palibe amene amadziona ngati wakuba. Timati ndi kuchangamuka, timati aliyense amadya pamene akugwira ntchito. Abwana amene amasewera gofu Loweruka, amene sangayerekeze kukankha kampira ndi phazi anzawo akuona, akanati atenge lamulo limenelo n'kulowa nalo mu ofesi Lolemba, bwenzi zipatala zathu zili ndi mankhwala.

Ndipo sitinafunikire kupita ku Augusta kuti tikaphunzire kudziletsa. Pafupi pompa, ku Salima, kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 chilumbacho chimatsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka cha mu April, ndipo asodzi onse amachokako kuti utaka uswane. Chikatsegulidwa, mowa suloledwa, njuga siloledwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Lamulolo silinachokere ku Lilongwe kapena kwa azungu a mabungwe. Ndi la mfumu ndi anthu ake, ndipo lakhalapo zaka zonsezi chifukwa asodzi eni ake amalisunga, amayang'anirana okha. Akatswiri a zansomba a kunja amabwera kudzaphunzira kumeneko. Koma ndi liti munaona pulogalamu ya ola lathunthu pa kanema wathu yofotokoza za Mbenji? Ana a Nkhotakota akudziwa kuti wopambana ku Augusta amavala jekete yobiriwira, koma sakudziwa chifukwa chake utaka wa ku Mbenji sunathe pamene madoko ena akulira.

M'malo mwake tagula maonekedwe. Pa kaunjika malaya a gofu ndi makapusi ake amatha msanga, ndipo mnyamata amene sanadye nkhomaliro amayenda atadzutsa kolala, akujambulitsa pafupi ndi galimoto ya eni. Wolemera pang'ono amaika chikwama cha gofu kumbuyo kwa galimoto kuti chizioneka pagalasi, n'kumanena mokweza pa maliro kuti achoka msanga, ali ndi gemu. Amapita kubwalo osati chifukwa amakonda masewerawo, koma chifukwa wamva kuti matenda amagawidwa kumeneko, ndikutanthauza matenda a makontirakiti. Andale nawo anazindikira kalekale mphamvu ya ndodo imeneyi. Mu May 2025 Pulezidenti Cyril Ramaphosa popita kukakumana ndi Donald Trump ku White House anatenga Ernie Els ndi Retief Goosen, akatswiri a gofu, kuti mwina mwini nyumba angafewe mtima. Ngati nkhani za mayiko zikudalira amene umasewera naye, nanga za m'boma lathu? Mlimi wa nzimbe wa maekala awiri, msodzi wa bwato limodzi, mphunzitsi wa ku Mwansambo, amenewa alowera khomo liti kuti amvedwe?

Madzulo a kunyanja nawo atha. Nthawi imene ana ankakhala pamchenga kumva akulu akusoka maukonde, akuphunzira kuti mwera ukayamba chonchi usapalase, kuti mpasa umakwera Bua nyengo yakuti, tsopano ali m'mavidiyo sho ndi m'nyumba za beti. Amadziwa mayina a osewera a mayiko amene sadzapitako, amabetcha pa masewera amene malamulo ake sawadziwa. Abambo awo ali pompo, pa benchi lakutsogolo, ndiye adzudzula ndani? Shehe akalalikira Lachisanu, abusa akalalikira Lamulungu, onse timagwedeza mitu, tikatuluka foni ili m'manja kuona ngati tikiti yalowa. Kale munthu akalemera mwadzidzidzi mudzi unkafunsa kuti wazitenga kuti, ndipo funsolo linkaopedwa. Lero wofunsa choncho amatchedwa wansanje.

Gofuyo sindikuti achoke pa kanema, ndipo oonera sindikuti atseke maso. Ndikupempha akonzi a nyuzipepala ndi a makanema athu: mukatuma mtolankhani ku gofu, ayende maenje onse, atiuze mmene wopambana wasewerera, alembe dzina lake pamwamba, la wopereka cheke pansi, ndipo afunseko wonyamula chikwama kuti walandira zingati tsikulo. A Nkhotakota Community Radio, tengani chojambulira mawu mupite ku Mbenji nyengo yotsegula, ana athu amve. A Golf Union of Malawi ndi eni makalabu, kuphatikizapo a ku Kasasa, patulani tsiku limodzi pa sabata loti ana a sukulu za pafupi alowe pa geti ngati osewera, ndipo musanawaphunzitse kumenya, aphunzitseni kulemba khadi la mnzawo moona ndi kusayina lawo. Inu makampani, ngati mwafuna kukumba mjigo ku Lozi kapena kwa Malengachanzi, kakumbeni, madzi adzatuluka ngakhale kamera palibe. Ndipo inu bambo amene mwakhala pa benchi lakutsogolo, mwana akakufunsani kuti wopambanayo wadya zingati, muuzeni kaye zaka zimene anagonja, ndi ntchito imene mayi ake ankagwira usiku.